Mabokosi a Miyala ya Tini M'chipinda cha Amayi

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi Yofufuza Chuma cha Pansi pa Nthaka.

Bwana wanga wolemekezeka,

Zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, Lachiwiri lina masana, mvula ikugwa yosalekeza, lole ya ofesi yanu inaima pakhomo pathu. Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera kusukulu ya uphunzitsi, ndipo ndinkasita diresi pakhonde. Bambo anali pabalaza, pomwe ankakonzera mawailesi a anthu, kautsi ka waya wowotcherera kakukwera pang'onopang'ono kudutsa pa magalasi awo. M'lolemo munatsika mwamuna wamtali, wonyowa mpaka m'masokosi, kanyundo kali lende m'chiuno. Dzina lake sitinalisunge. Kwathu timangomutchula kuti a Kanyundo. Anati mlatho wakokoloka, lole singawoloke, ndipo katundu amene anyamula sayenera kunyowa. Anapempha pomusungira kwa masabata awiri okha.

Katunduyo anali mabokosi amatabwa, aatali mita imodzi, osaya ngati thireyi. M'kati mwake munali miyala yobulungira, yonga makandulo onenepa, imene makina anu anatulutsa pobowola phiri la kuseri kwa msika. A Kanyundo anatola mwala umodzi, n'kuulavulira pang'ono, n'kupukuta ndi chala, ndipo panaoneka timadontho takuda tonyezimira. Anati, "Uyu ndi tini, bambo. Waya mukuwotchererayo amachokera m'mwala ngati uwu." Bambo anayang'ana mwalawo, n'kuyang'ana kawaya kawo kochokera kunja, kamene ankakagwiritsa ntchito moumira ngati mankhwala. Nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene wangouzidwa kuti mlendo yemwe wakhala akumupatsa mpando zaka zonsezi ndi m'bale wake weniweni.

Dzuwa lisanalowe anali atatulutsa bedi m'chipinda chachikulu, chifukwa ndicho chokha chimene chinali ndi simenti pansi komanso malata osadontha. Amayi anafunsa kuti, "Nanga ife tigona kuti, bambo a ana?" Bambo anati, "Masabata awiri si matenda, mayi." Kenaka anasaina pepala la a Kanyundo, lonena kuti mabokosi 212 ndi katundu wa boma, asasunthidwe, asasakanizidwe, ndiponso asachotsedwe popanda kalata yochokera ku ofesi yanu.

Mabokosi aja akadali m'nyumba muno, bwana. Onse ali bwino.

Mundikhululukire polemba kalatayi poyera m'nyuzipepala. Si mwano ayi. Makalata khumi ndi asanu ndi anayi amene ndinatumiza mwakachetechete ndikukhulupirira kuti akusungidwa mosamala, ndipo sindikufuna kuwapanikiza ndi ina. Nkhani yake ndi iyi. Bambo anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amayi ali ndi zaka 83, ndipo chaka chatha anafa ziwalo mbali imodzi. Kachipinda kakuseri komwe akhala akugona zaka zonsezi kali ndi masitepe atatu, ndipo njinga yawo ya odwala singatsikemo. Choncho bedi lawo lili mukolido, pakati pa chitseko cha kumaso ndi khomo la kukhitchini. Akufuna kubwerera m'chipinda chawo. Sapempha china chilichonse.

Koma ndinaleredwa kuti munthu asanapemphe amayamba wathokoza, ndipo zothokoza zathu ndi zambiri.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa chotikhulupirira. Boma lili ndi nyumba zambiri zosungiramo katundu, zina za mipanda ndi alonda pachipata. Koma umboni wonse wa tini wa m'phiri lija munausiya m'manja mwa wokonza mawailesi ndi mkazi wake, popanda ngakhale loko. Mlatho uja unamangidwa, unakokolokanso, unamangidwanso wakonkire, ndipo lero pamadutsa malole aataliatali usana wonse. Palibe ngakhale imodzi imene inakhotera kwathu. Ife tinaona kuti umenewu ndi ulemu waukulu. Munthu ukamudalira kwenikweni, suchita kumuyendera pafupipafupi.

Chachiwiri, tikuthokoza chifukwa chowapatsa bambo ntchito yachiwiri. A Kanyundo pochoka anawauza kuti mwala wopanda nambala ndi mwala wamba, wongotolera kugendera galu. Bokosi lililonse linali ndi kapepala konena dzenje limene miyalayo inachokera, ndi kuya kwake. Chaka chachitatu chiswe chinayamba ndi timapepalato. Bambo anathamangira penti, n'kuyamba kulemba manambala pathabwa. Chiswe chikadya thabwa, iwo ankakhoma lina n'kulembanso. Chilimwe chilichonse, sabata yathunthu, mawailesi a anthu ankadikira, eni ake akung'ung'udza panja kuti mpira wa pawailesi ukuwapitirira. Maso a bambo atayamba kuchita mdima, amayi ndiwo ankawerenga manambala mokweza, bambo n'kumalemba mopapasa.

Ndimawakumbukira awiriwo m'chipinda muja, wina ataimirira pampando, wina atagwira kachitini ka penti, akukangana ngati bokosi la pakona ndi la dzenje lachinayi kapena lachisanu, monga momwe mabanja ena amakanganirana za chaka chimene mwana anabadwa. Amayi ankati, "Inu mwakalamba, lachisanu lili kuzenera." Bambo ankati, "Ndakalamba ndekha, inu mukubwerera kuutsikana?" Kenaka bambo ankatsika pampando n'kukayang'ana. Nthawi zonse olondola anali amayi. Sukulu sanapite nayo patali, koma lero mukawafunsa, ngakhale lilime likuwalemera, akuuzani kuti dzenje lachinayi linayamba kuonetsa tini pa mamita 61 n'kusiya pa 88. Sindikudziwa ngati ku ofesi yanu kuli wina amene angayankhe funso limeneli asanakuuzeni kuti mubwerenso mawa.

Chachitatu, tikuthokoza chifukwa cha alendo amene munatitumizira. M'zaka zonsezi anabwera kawiri. Oyamba anajambulitsa ataimirira pafupi ndi mabokosi, wina atanyamula mwala chozondotsa, ndipo bambo anaubwezera bwino iwo atachoka. Achiwiri anabwera titadandaula kuti simenti yatitimira ndipo khoma lang'aluka mng'alu wolowa chikhatho. Anali katswiri wofatsa, wa tepi yoyezera m'thumba. Anayeza, analemba, anaganiza, kenaka anatiuza kuti vuto ndi lakuti kulemera konseko kuli m'chipinda chimodzi. Anthu ake ananyamula mabokosi makumi asanu ndi anayi n'kuwasanja pabalaza. Nzeru imeneyi inagwira ntchito: mng'alu uja sunakulenso, ndipo pabalaza panabadwa wake. Bambo anasamutsira mawailesi pakhonde. Kuyambira pamenepo alendo athu timawalandirira panja, ndipo mpweya wabwino watithandiza tonse. Bambo atamwalira, thupi lawo linasowa polowera m'nyumba yawo yomwe. Tinawagoneka pakhonde, pamalo pomwe panali tebulo lawo la ntchito. Anthu obwera kudzalira anati zinali zoyenera.

Chachinayi, tikuthokoza chifukwa cha nkhani zabwino. Malinga ndi wailesi, tini wa m'phiri lija wapezeka kanayi, ndipo ulendo uliwonse amapezeka koyamba. Bambo anamva maulendo atatu, pamawailesi a eni amene ankayesa ngati achira. Mkulu wina ankalankhula za mgodi, msewu, sukulu ya amisiri, ntchito za anthu zikwizikwi. Bambo ankatsitsa mawu a wailesi, n'kutembenukira kukhomo, n'kuitana kuti, "Mayi, awapezanso alendo anu aja!" Amayi ankayankha ali kukhitchini kuti, "Auzeni ali bwino, agona." Ulendo wachinayi amayi anamva okha, ali mukolido. Wokonza mafoni amene anatenga zipangizo za bambo akuti waya wowotcherera ukuchokerabe kunja, koma akuti tsopano umabwera m'paketi yokongola.

Nkhani zimenezi zinatikwezanso pamaso pa anthu. Mumsewu mwathu muno nyumba yathu imatchedwa kwa a Mgodi. Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, anaulula patapita zaka kuti masiku amene ankafunsira ankaganiza kuti m'mabokosimo muli china chake. Tsiku limene anatsegula limodzi anapezamo miyala yokhayokha, koma ukwati unali utachitika kale, ndipo akukhala bwino mpaka lero. Akuba nawo anatiyendera kamodzi. M'mawa tinapeza bokosi limodzi lili pachipata, pambali pake pali nsapato imodzi. Bambo sanadandaule za zenera lothyoka. Anagwada pansi n'kumabwezera miyala m'mizere yake, amayi akuwauza uti utsogole.

Mwina mukufunsa mumtima kuti bwanji osangowatulutsa. Achimwene anga, amene ndi makaniko wa malole, akhala akufunsa zomwezo zaka makumi awiri. Iwo akuti miyalayo ingapange maziko abwino a chimbudzi, ndipo lole angabwereke Loweruka lililonse. Koma amayi akana. Pepala la a Kanyundo lili m'chikwama chawo, lokulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi kalata ya ukwati. Akuti mwamuna wawo anasaina ndi dzanja lake, ndipo sanafe ali wabodza, choncho iwo sangamusandutse wabodza ali m'manda. Achimwene atakakamira mwezi watha, amayi anawayang'ana ndi diso lawo lomwe likuonabe bwino, n'kunena mawu amodziamodzi kuti, "Iwe, unabadwira m'chipinda chimenecho, koma sunasaine ndiwe." Achimwene ndi munthu wa imvi, wa zidzukulu ziwiri. Anatuluka n'kukakhala m'galimoto yawo kwa ola lathunthu.

Mukuona tsono, bwana, kuti munasankha banja loyenera. Banja lina likanataya miyalayo mvula yomweyo isanakate.

Chachisanu, ndikuthokoza chifukwa cha maphunziro amene ndalandira m'makonde a ofesi yanu. Ndinapuma ntchito yauphunzitsi ndikuganiza kuti kuphunzira ndamaliza. Ndapitako maulendo khumi ndi limodzi, ndipo benchi ya pafupi ndi masitepe tsopano imandidziwa. Ulendo wachisanu ndi chiwiri ndinapeza kalaliki wachifundo, bambo wa juzi yobiriwira, amene anatsika yekha kuchipinda chapansi n'kubwera ndi fayilo yafumbi. Anaiwerenga, n'kundiyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti, "Mayi, pepani, mabokosi amenewa kulibe. Anakokoloka ndi mlatho chaka chomwecho. Zalembedwa apa." Ndinamuonetsa zithunzi za pafoni. Anavomereza kuti ndi mabokosi okongola ndithu, koma anandifotokozera moleza mtima kuti ofesi singatumize lole kukatenga katundu amene anakokoloka. Nditafunsa ngati tsono tingawataye, popeza kulibe, anadzidzimuka. Anati kutaya katundu wa boma ndi mlandu waukulu, ndipo iye ayesa ngati sanamve.

Ndinafunsanso za alendo awiri aja amene anabwera kwathu, wojambulitsa ndi wa tepi. Anati amenewo anali a nthambi ina, imene inathetsedwa.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mtendere wachilendo. Si banja lililonse limene limagona mukolido chifukwa cha katundu amene kulibe.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo apa ndiye pamene pandilembetsa kalatayi. Chaka chino munapereka chilolezo kwa kampani ina kuti ifufuze ngati m'phiri lija muli tini. Makina awo akhala akulira miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina kunabwera mayi wina wa kampaniyo, katswiri wa miyala, wa chipewa cholimba ndi nsapato zazikulu, amene amayi anamutcha a Jombo. Wailesi yake yolankhulirana inali itafa, ndipo anaona chikwangwani chakale cha bambo, chimene sitinalimbe mtima kuchichotsa. Ndikumufotokozera kuti mmisiriyo anatisiya, maso ake anadutsa paphewa langa n'kukagwera pabalaza. Anasiya kundimvera. Anapempha kulowa, anavula nsapato zija, anagwada, n'kutsegula bokosi limodzi. Anapempha madzi m'kapu, n'kunyowetsa mwala, n'kuuyang'ana ndi kagalasi. Kenaka anakhala pansi, miyendo tambalale, ngati mwana amene walandidwa chakudya.

Anatiuza kuti maenje awo atsopano ali pafupifupi mkono umodzi kuchokera pa akale. Mapaipi adzimbiri amene anawapeza m'phirimo ankawayesa zitsime zimene zinakanika. Anati zimene akhala akufunafuna miyezi yonseyi, ndi zina zimene akanazifuna chaka chamawa, zili m'nyumba muno, zosanjidwa mwa dongosolo lake.

Masana atatu otsatizana a Jombo anakhala pakampando mukolido, kope lili pamwendo, amayi akutchula maenje ndi mamita. Penti ina inafufutika bambo atapita, ndipo manambala amenewo tsopano ali m'mutu mwa amayi mokha. Mawu ankatuluka movutikira, ena ankathawa n'kubwera patapita mphindi zisanu, koma a Jombo akapita kukayang'ana m'bokosi ankapeza zili momwemo. Amayi ankamuuza kuti, "Lemba msanga, mwanawe. Ine si wailesi yoti udzatsegulanso mawa." Masiku amenewo amayi ankadya bwino, ndipo anandiuza kuti ndiwapese tsitsi. Aka kanali koyamba m'zaka makumi atatu kuti munthu wa miyala awafunse funso n'kudikira yankho.

A Jombo analemba lipoti kwa akuluakulu ake, ndipo akuti lina linafika patebulo lanu. Patapita masabata atatu anasamutsidwa kupita kuchigawo china kukayeza mchenga. Anatiimbira foni kutsanzika, ndipo amayi anamuuza kuti azivala chipewa chija padzuwa. Iye ndi amayi anali atafika pa dzenje lachisanu ndi chimodzi. Maenje onse ndi khumi ndi limodzi. Makina m'phiri akulirabe.

Koma lipotilo silinapite pachabe. Lolemba lapitali lole ya kampaniyo inaima pakhomo pathu. Amayi anamva kulira kwa injini, n'kuyesa kudzuka okha, mpaka ndinachita kuwagwira. Dalaivala anatsika mwaulemu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti wanyamula mabokosi makumi anayi a miyala yatsopano, ndipo wamva kuti kuno kuli anthu osunga bwino. Mwamwayi achimwene anali pomwepo, sipanala ili m'manja chifukwa ankakonza njinga ya amayi. Zimene anamuyankha sindingazilembe m'nyuzipepala. Dalaivala uja anabwerera chambuyo mpaka pamphambano. Amayi atafunsa, ndinawauza kuti inali lole ya makala.

Chipinda chimene ndikunenachi si chapamwamba, bwana. Ndi mamita anayi mbali zonse, khoma lake ndi long'aluka monga ndanenera. Koma zenera lake layang'ana kum'mawa, ndipo ukagona pabedi umaona msewu, anthu opita kumsika, ndi mtengo wa mandimu umene bambo anadzala chaka chimene anakwatirana. Amayi analowa m'chipinda chimenecho ali mtsikana wa zaka makumi awiri. Ana anayi tinayamwira momwemo. Mukolido mulibe zenera. Zimene amaona ndi miyendo ya anthu odutsa, ndi m'mbali mwa mabokosi kudzera pakhomo losatseka bwino. Nthawi zina ndimawapeza akuwerenga manambala a penti chamumtima, milomo ikugwedezeka, ngati munthu amene akuwerenga kalata yakale yolembedwa ndi dzanja limene akulidziwa. Dokotala anabwera mwezi watha. Anati mtima watopa. Sanatchule miyezi, koma potsanzika anandigwira dzanja nthawi yotalikirapo.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndaligawa patatu kuti lisalemere. Lole imodzi yopanda kanthu. Amuna anayi a misana yabwino, pamodzi ndi munthu mmodzi wodziwa kulemba, kuti amayi amutchulire maenje asanu otsalawo mabokosi asanasunthe. Ndi pepala limodzi la chidindo chanu, loti ndiwawerengere mokweza, lonena kuti ntchito imene mwamuna wawo anapatsidwa yatha. Mukafuna kuwonjezerapo mawu oti zikomo, malo papepalapo adzakhalapo, koma sitikukakamizani. Za tini yemweyo, kaya akumbidwa kaya apezekanso kachisanu, ife tasiyira inu odziwa.

Ndinali nditafika apa, ndikufunafuna envulopu, pamene mthenga wa njinga yamoto anagogoda ndi kalata yochokera ku ofesi yanu, yolembera bambo. Ndaitsegula m'malo mwawo. Ikuti Lachinayi sabata yamawa, nthawi ya 10 koloko m'mawa, inuyo bwana pamodzi ndi anthu khumi ndi atatu mudzafika kwathu kudzatsimikiza ngati mabokosi akunenedwawo alipodi, ndi kukhazikitsa komiti yoona za tsogolo lake. Mwapempha kuti mwini nyumba adzakhalepo, ndiponso kuti tikonze chipinda chochitira msonkhano. Za lole kalatayo sinanene.

Tathokoza kwambiri. Bambo sadzatha kupezekapo, ndipo ndikupepesa m'malo mwawo. Amayi asangalala, ndipo andiuza kale kuti ndichape diresi yawo yabuluu. Ndingokudziwitsani zochepa kuti ulendo wanu udzayende bwino. Chitseko cha kumaso chimatseguka theka lokha, chifukwa kuseri kwake kuli bedi. Mudzalowe mmodzimmodzi, cham'mbali. Amene thupi linawakomera adzayambe apuma mpweya kunja. Nthawi ya 10 koloko ndi imene ndimawasambitsa amayi ndi kuwatembenuza, koma tsiku limenelo ndidzalawirira. Njira ina yofikira mabokosi kulibe: aliyense adzadutsa pambali pa bedi lawo.

Chimene ndikupempha modzichepetsa n'chakuti inuyo bwana mudzalowe poyamba, musadzatsogoze kalaliki. Amayi adzakugwirani ndi dzanja lawo lomwe likugwirabe ntchito, ndipo sasiya msanga. Adzakufunsani ngati mwayenda bwino, adzafunsa za kunyumba, kenaka adzakufunsani kuti lole ili kuti. Funso limeneli ndakhala ndikuwayankha ndekha m'mawa uliwonse, ndipo mayankho anga atha. Mudzabwere ndi lanu.

Ine wantchito wanu wosalembedwa,

Mwana wamkazi wa malemu wokonza mawailesi.